Kanjanji ka ku Shurugwi

Funso: Ndimakhala ku Mkoba, ku Gweru. Malemu agogo anga, ochokera ku Dedza, ankagwira ntchito pa kanjanji kotsitsa miyala ya chrome m'mapiri a Shurugwi. Mbiri yake ndingaipeze kuti?

Yankho: Pofufuza gwiritsani ntchito maina akale a Shurugwi ndi Gweru, omwe ndi Selukwe ndi Gwelo, chifukwa ndi amene ali m'mapepala. Kanjanjiko kankatchedwa Selukwe Peak Light Railway, ndipo zitsulo zake ziwiri zinali zotalikirana mamilimita 610 okha. Yambirani ku Railway Museum ya ku Bulawayo, kenaka National Archives ku Harare. Injini ina ya kanjanjiko, Karen, yopangidwa ndi kampani ya Peckett mu 1942, inapita ku Wales.

Koma mapepala a azungu satchula kawirikawiri anthu ngati agogo anu. Fulumirani kukacheza ndi nkhalamba za m'makomboni a Shurugwi zikadali moyo, muzijambula mawu awo.