Chuku kapena Chida? Phunziro pa Kamasuliridwe ka Nkhani ya Matenda a Mbewu

Mu June 2025 boma la America linalengeza kuti likuimba mlandu ofufuza awiri a ku China wolowetsa m'dzikolo mozemba kachilombo kotchedwa Fusarium graminearum. Mmodzi ankagwira ntchito pa University of Michigan. Mnzake anamupeza nako m'chikwama pa bwalo la ndege la Detroit mu July 2024. Oimira boma pa mlanduwo anati kachilomboka kangathe kukhala chida cha zigawenga chowonongera mbewu. Akatswiri a matenda a mbewu a komweko anayankha kuti kakhala kali m'minda ya tirigu ya dzikolo kwa zaka zoposa 100.

M'nkhani ino ndikufuna kuona momwe uthenga wotere ungafikire mlimi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri, m'boma la Mchinji, m'Chichewa chimene sichingamusocheretse.

Ndalemba dala kuti "kachilombo" m'ndime yoyamba, chifukwa ndi mawu amene womasulira amafulumira kutola. Vuto lake ndi lakuti chiyambire mliri wa Edzi, munthu akangoti "ali ndi kachilombo" sitifunsanso kuti kanji. Mawuwa anasenza kale maliro. "Bowa" nawo sungathandize, pakuti bowa ndi ndiwo ya m'dzinja. Oyandikira kwambiri ndi "chuku". Mlimi wa mtedza ku Mchinji chuku amachidziwa: amachiona mtedza ukasungidwa usanaume, kapena ukawazidwa madzi kuti makoko afewe poswa. Kunena zoona, chuku cha mtedza chimayamba ndi Aspergillus flavus, osati Fusarium, koma mitundu ina ya Fusarium imaoletsa zisononkho za chimanga konkuno kwathu, ndipo yonseyi imasiya poizoni m'chakudya.

Mawu amene ndikuwaopa ndi "chida". Chida sichiyenda chokha, chimakhala ndi mwini. Womvera akamva "chuku" amafunsa kuti, "Ndichite chiyani?" Akamva "chida" amafunsa kuti, "Wabweretsa ndani?" Funso lachiwirili n'loopsa m'dziko limene mu 2017 anthu anaphedwa m'Chigawo cha Kummwera chifukwa cha mphekesera za anamapopa, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Tangoganizani mlangizi, kapena wofufuza wochokera ku Chitedze, atafika m'mudzi ndi timatumba n'kumatola dothi ndi zisononkho zoola, pamene wailesi yangonena dzulo kuti ofufuza akuzembetsa zida zophera mbewu. Munthu wobwera kudzathandizayo ndi amene angathawe miyala.

Palinso "kuzembetsa". Ku Mchinji mawuwa amatikumbutsa matumba a chimanga ndi feteleza okwezedwa pa njinga, odutsa m'tinjira tolambalala chipata cha Mwami. Ambiri saona tchimo pamenepo, chifukwa tsidya lino ndi tsidya la Chipata kuli anthu amodzi: Achewa a kuno amapita ku Kulamba ku Mkaika, Angoni amapita ku Nc'wala ku Mtenguleni. Ngakhale mtedza wa Chalimbana umene agogo athu ankaunyadira uli ndi dzina la malo a ku Zambia. Choncho mawuwa pa okha ndi opepuka kwa ife, pamene "chida" ndi olemetsa mopitirira, ndipo akaikidwa m'chiganizo chimodzi womvera amagwira olemerawo.

Komatu chimene chinalakwika ku Detroit n'chenicheni: munthu ananyamula nthenda ya mbewu popanda chilolezo. Wina angafunse kuti chilolezo n'chachiyani ngati nthendayo ilipo kale m'dzikomo. Yankho n'lakuti chuku cha dzina limodzi chimakhala ndi mitundu yosiyana mphamvu, ndipo wachilendo ungakhale wosamva mankhwala amene alimi amadalira. Anzathu a ku Zambia anaona zimenezi. Nthenda ya tirigu yotchedwa wheat blast inayamba kuoneka ku Brazil mu 1985, inafika ku Bangladesh mu 2016, ndipo m'dzinja la 2017 mpaka 2018 inapezeka m'boma la Mpika, koyamba mu Africa. Akatswiri amaganiza kuti inayenda ndi tirigu wa malonda. Sipanafunike chigawenga. Thumba losayezedwa linakwanira.

N'chifukwa chake ine, nditapatsidwa nkhaniyi kuti ndiimasulire pa wailesi ya Mudzi Wathu, ndingayambe motere: "Ofufuza awiri aimbidwa mlandu ku America chifukwa cholowetsa chuku cha tirigu ndi chimanga popanda chilolezo." Za chida ndingazinene pambuyo, ndi kutchula kuti ananena ndi oimira boma, ndipo kuti akatswiri a mbewu anazikayikira. Kenako ndingakumbutse omvera kuti mbewu yodutsa malire, kaya ili m'chikwama cha wophunzira kaya pa kaliyala wa njinga, iyenera kuonedwa ndi oyeza mbewu a pa chipata.