Azakhali ayankha: kakamba ka mwana wanga kaleka kudya

Kalata ya sabata ino yachokera ku Nachisaka, m'boma la Dowa, kwa mayi wa ana atatu. Nkhani yake ndi ya kamba wamng'ono, wokwana pachikhatho, amene mwana wawo wamwamuna wa zaka 9 adamutola m'munda mu Meyi, banja likukumba mtedza.

"Chitolereni, mwanayu sadya asanakadyetse," akutero mayiwa. "Amakasunga m'katoni kunsi kwa bedi poopa agalu, n'kumakapatsa nsima, nthawi zina tiyi wamkaka. Tsopano yatha sabata kasanalawe kanthu. Maso atupa mpaka kutsekeka, m'mphuno mukutuluka thovu, ndipo chigoba chafewa, ukachidina ndi chala chikulowa. Bambo ake akuti tikakataye kudambo kasanafere m'nyumba. Mwana akungolira, dzulo wakana ndi sukulu yomwe. Azakhali, ndimvere ndani? Ndilinso ndi khanda la miyezi 10 lomwe layamba kukwawa. Kodi silingatengere matendawa?"

Azakhali akuti mayiwa achita bwino kulemba, ndipo mnyamatayo asadzudzulidwe. Iye wasamala kamba monga momwe amaonera amake akusamalira khanda: kulifunditsa m'nyumba, kulipatsa chakudya chofewa, kulibisa ku zoopsa. Koma zinthu zitatu zomwezi ndi zimene zadwalitsa kanyamako.

Kamba, monga buluzi ndi njoka, thupi lake silidzipangira kutentha. Amafunda ndi dzuwa, ndipo akazizidwa m'mimba mwake simugaya chakudya, ngakhalenso mphamvu yolimbana ndi matenda imatsika. Aliyense wokhala m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi akudziwa mmene simenti kapena dothi la m'chipinda limazizirira m'mamawa wa Juni ndi Julayi. Kuthengo kamba amadziwa pobisala nyengo imeneyi. Amalowa m'una kapena pansi pa masamba ouma n'kukhala duu, osadya kwenikweni, kudikira kuti kunja kufunde. N'chifukwa chake kamba wongochita ulesi m'chisanu si wodetsa nkhawa. Wa ku Nachisakayu ndi wina. Thovu la m'mphuno likusonyeza kuti matenda alowa m'njira yopumira, ndipo kamba satha kutsokomola monga munthu, choncho mamina amangodzadzana mpaka chimfine chisanduke chibayo.

Kufewa kwa chigoba nako kwachokera kunsi kwa bedi komweko. Chigoba ndi fupa lamoyo, nthiti ndi msana zolumikizana, ndipo kuti chilimbe pamafunika kashiamu. Thupi silingatenge kashiamuyo m'chakudya popanda vitamini D, yemwe khungu limapanga likawombedwa ndi dzuwa. Dzuwa lake likhale lenileni la panja, chifukwa galasi la pazenera limatchinga mbali ya kuwala imene imagwira ntchitoyi. Kamba wongoswedwa kumene amakhala wofewerapo pang'ono, n'zoona, koma amayenera kumalimba mwezi ndi mwezi. Akamabwerera m'mbuyo ndiye kuti zavuta.

Asanachite china chilichonse, mayiwa akaonetsetse kanyamako, pakuti anthu ambiri amasokoneza kamba wa kumtunda, yemwe ena amati fulu, ndi nkhasi ya m'madzi. Nkhasi chigoba chake n'chaphwatalala, mapazi ake ali ndi kachikopa pakati pa zala, ndipo ya m'madambo mwathu muno ikaopa imapindira khosi chammbali. Kamba chigoba chake n'chotumphuka, miyendo yake ngati timitsitsi, ndipo mutu amaubweza chamkati molunjika. Wotoledwa m'munda wa mtedza mu Meyi ayenera kuti ndi wa kumtunda. Ngati ndi choncho, maganizo a bambo okamutaya kudambo ndi imfa basi, chifukwa kamba wofooka chotere akagwera m'madzi amamira.

Akamba a kumtunda nawonso si amodzi. Alipo a chigoba chamawangamawanga ngati kambuku, amene amakula kwambiri ndipo amadya udzu ndi zitsamba. Alipo ena ang'onoang'ono amene akakula chigoba chawo chimapindika kumbuyo ngati chitseko, n'kutsekera miyendo ndi mchira. Asayansi amawatcha Kinixys, ndipo mtundu wina mwa iwo, Kinixys zombensis, udalandira dzina lake mu 1931 kuchokera ku Zomba kwathu konkuno. Awa sadya masamba okha. Amakonda bowa, nkhono, zipatso zakugwa, ndi abongololo amene nyama zambiri zimawapewa.

Chithandizo chake chiyambe mawa m'mawa. Dzuwa likakwera, cha m'ma 9 koloko, mayiwa atulutse kambayo panja. Amukonzere kakhola pansi, pa dothi, ka njerwa ziwiri kupita m'mwamba, kotalika ndi kotambalala ngati phazi lalikulu la munthu wamkulu katatu kapena kuposa, pamwamba n'kuikapo waya wa nkhuku kapena timitengo tolukana. Agalu, akhwangwala, makoswe ndi linthumbu zonse zimadya kamba wa msinkhu uwu. Mbali imodzi ya kakholako ikhale ya dzuwa, ina ya mthunzi, yokhala ndi masamba ouma kapena phale lovundikira loti azilowamo. Apa Azakhali akuchenjeza kwambiri: kamba wamng'ono wosiyidwa m'beseni padzuwa popanda pothawira amafa ndi kutentha m'kanthawi kochepa. Mwiniwake azisankha poti akhale.

Usiku abwerere m'nyumba, koma katoniyo isakhale pansi pozizira. Aikemo botolo la madzi otentha lokulunga m'chitenje chakale, mbali imodzi yokha, kuti akatenthedwa asunthe. Kukhitchini ayi. Utsi wa nkhuni ungowonjezera vuto la kupuma.

Tsiku lililonse amuviike m'mbale ya madzi ofunda, oyesa ndi chigongono monga osambitsira khanda, kwa mphindi 15 kapena 20. Madziwo alekeze m'chibwano, mphuno ikhale pamtunda, ndipo munthu akhale pomwepo mpaka amutulutse. Kamba wodwala amauma m'thupi, ndipo nthawi zambiri akaikidwa m'madzi otere amaweramitsa mutu n'kumwa ngakhale maso ali otseka. Masowo awapukute ndi kansalu koyera konyowetsa m'madzi owiritsa amene azizira. Asawatong'ole ndi zala.

Nsima, buledi, mkaka ndi ndiwo zamchere zileke lero lomwe. Azimuikira masamba aawisi odula tizidutswa: chisoso, nkhwani, kholowa, udzu wanthete wa kapinga, ndi kachidutswa ka dzungu lakupsa kapena papaya, zimene zili ndi vitamini A wothandiza maso. Masambawo asachokere m'dimba lopopera mankhwala kapena m'mphepete mwa munda wa fodya. Kawiri pa sabata awazepo pang'ono ufa wa zigoba za mazira, zowiritsa, zoumitsa ndi kusinja. Akamba a kuthengo amachita kukukuta mafupa akale, ena mpaka ndowe zoyera za fisi, pofuna kashiamu yemweyu. Akaika kankhono kapena bowa wodyedwa n'kuona kuti akuzithamangira, adziwa kuti ndi wa mtundu wachitseko uja. Asamukanule kukamwa n'kumamuthira phala, chifukwa likhoza kupita m'mapapo.

Zonsezi zimathandiza, koma thovu la m'mphuno kawirikawiri silitha popanda mankhwala a dokotala wa zinyama. Pakapita masiku atatu kapena anayi akufunda bwino koma thovu likadalipo, kapena akayamba kupuma atayasama ndi kutambasula khosi, mayiwa apite ku ofesi ya zaulimi ya Nachisaka akaonane ndi alangizi a ziweto. Panado, mankhwala a chitopa ndi makapisozi otsala m'nyumba asamupatse. Ndipo pali dzina limodzi loti alilembe papepala: ivermectin. Awa ndi mankhwala abwino a njoka za m'mimba ndi nkhupakupa pa mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe, koma kamba amamuumitsa ziwalo ndi kumupha ngakhale atakhala ochepa. Alangizi ambiri sadagwirepo kamba pa ntchito yawo, choncho kuwakumbutsa mwaulemu si chipongwe. Ku Lilongwe kuli Lilongwe Wildlife Centre, malo amene amalandira ndi kuchiza nyama zakutchire zovulala ndi zamasiye mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Alangiziwo akhoza kuthandiza kulumikizana nawo pa foni.

Pa funso la khanda lija, Azakhali akuti nkhawa ya mayiwa ndi yoona. Chimfine cha kamba sichipita kwa munthu, koma akamba ambiri, ngakhale ooneka athanzi, amakhala ndi tizilombo ta Salmonella m'ndowe zawo, ndipo timeneti timatsegula m'mimba ndi kutenthetsa thupi. Ana osakwana zaka 5 ndiwo amavutika nato kwambiri. Ku America boma lidaletsa mu 1975 kugulitsa tiakamba tosafika masentimita 10 chifukwa ana ambiri ankadwala atatiseweretsa ndi kutiika kukamwa. Akuluakulu athu adaona kale kuti fulu amanyera amene wamutola. Choncho khanda lisakwawire kumene kuli katoni kapena kakhola, mbale yoviikiramo kamba ikhale yakeyake ndipo isatsukidwe pamodzi ndi za anthu, madzi ake atayidwe kuchimbudzi, ndipo mnyamatayo azisamba m'manja ndi sopo akangomaliza kumugwira. Kambayo akapeza mphamvu n'kuyamba kuyendayenda, wina asaganize zoboola chigoba kuti amangepo chingwe, monga amachitira ena m'midzimu. Chigoba chili ndi mitsempha ndi magazi, ndipo kamba amamva ululu.

Chatsala ndi chovuta kwa mwana. Kamba si galu kapena nkhunda. Sazolowera kukhala ndi anthu, amakhala zaka makumi angapo, ndipo malamulo a dziko lino oteteza nyama zakutchire, amene adakhwimitsidwa mu 2017, salola munthu kungosunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo. Azakhali akuona kuti kambayu achiritsidwe, kenako abwerere kwawo. Pa mfundo imeneyi bambo akunena zoona kuti malo ake si m'nyumba. Pamene aphonya ndi nthawi yake ndi njira yake. Kumutaya lero akudwala n'kumupha, n'kuthekanso kupatsira akamba ena matendawa. Nthawi yabwino ndi mvula zoyamba, mu Novembala kapena Disembala, moto wa m'tchire utatha, udzu ukuphuka, ndipo malo ake ndi pathengo loyandikana ndi munda umene adatoledwamo. Akapanda kuchira bwinobwino, apite m'manja mwa a ku Lilongwe aja.

Mnyamatayo auzidwe zimenezi tsopano, pasadikirike tsiku lomaliza. Auzidwenso chilungamo kuti kamba amene wafika pofewa chigoba ndi kutseka maso akhoza kufa ngakhale atasamalidwa bwanji, ndipo zikatero si mlandu wake. Ntchito yomanga kakhola aigwire ndi bambo ake. Bambo amene wanyamula njerwa ndi mwana wake sadzanenanso zokataya kudambo, ndipo mwana akadziwa kuti amake adzatulutsa kambayo padzuwa iye ali m'kalasi, alibenso chifukwa chojombera. Apatsidwe kope loti azilembamo tsiku limene maso atseguka, limene wayamba kudya, ndi chimene wadya.

Mayi a ku Nachisaka, mukawerenga izi chotsani katoniyo kunsi kwa bedi, ndipo mudzalembenso pakatha milungu iwiri kuti Azakhali amve mmene maso ndi mphuno zilili.