Kudzutsa Boti Lakale Pakhomo: Malangizo kwa Mabanja a ku Kitwe ndi Ndola

M'mipanda ina ku Nkana East, Riverside ndi Kansenshi muli maboti a faiba ogona pamatayala, udzu utamera pansi pake. Ena ankayandama pa Mindolo Dam kapena pa damu la Kafubu. Ena ndi aja a "banana", ogulidwa kuti akagwire ntchito ku Samfya kapena ku Nchelenge, koma ndalama zinathera panjira. Boti lotere likhoza kudzuka, ndipo ntchito yambiri mungaigwire nokha pakhomo. Nthawi yabwino kwa asodzi ndi pamene boma latseka usodzi, kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Poti ndi nyengo ya dzinja, pezani denga, chifukwa faiba sigwira pamalo onyowa.

Yambani ndi thupi la boti

Musanatulutse ngakhale ngwee imodzi kugulira zida za injini, onani thabwa lakumbuyo pomwe injini imakhala. Kunja kwake ndi faiba, koma mkati nthawi zambiri muli pulayiwudi, ndipo madzi akalowera pamabowo a mabawuti imawola mosaoneka. Gogodani ndi kahamala. Pabwino pamalira mouma, powola pamalira "phu, phu". Likakhala lowola, lichotseni lonse muike lina. Musaphimbe ndi penti, abale, pakuti thabwa lotere limathyoka pakati pa madzi n'kumira ndi injini yomwe.

Pamene pang'aluka, palani ndi sandipepa motsetsereka kupitirira mng'aluwo, pukutani ndi asetoni, kenako yalani nsalu ya faiba magawo angapo, mukuimata ndi resin. Pa lita 1 ya resin thirani hardener wosapitirira mamililita 20. Sakanizani pang'onopang'ono, chifukwa kukatentha imauma musanamalize kupaka. Valani magolovesi, magalasi ndi chophimba mphuno, ndipo ana akhale kutali: hardener akagwera m'diso akhoza kulipha.

Injini

Ambiri kuno ali ndi injini za Yamaha Enduro za 15 kapena 40 HP, zija zosakaniza petulo ndi oyilo. Ndi zolimba, koma ikakhala chaka osalizidwa musathamangire kukoka chingwe. Chotsani mapulagi, donthezani oyilo pang'ono m'mabowo ake, dikirani usiku umodzi, ndipo m'mawa kokani chingwe modekha. Ikakana kuzungulira musakakamize, pitani nayo kwa makaniko.

Petulo wakale amasanduka phula lomata m'kabuleta. Masulani kabuleta pansalu yoyera, muike tizida motsatana ndi mmene mwatichotsera, ndipo jambulani pa foni musanamasule chilichonse. Timabowo ta majeti titsukeni ndi mankhwala otsukira kabuleta n'kupemerera mpweya. Musatokose ndi waya: bowo likakula, injini imamwa petulo wambiri ndipo pulagi imada msanga. Petulo wakaleyo ndi oyilo wakuda musataye m'ngalande. Ngalande zathu zimathera mu Kafue ndi Kafubu, momwe timamwa.

Pa kaziziritsidwe ndi pamene injini zambiri zimafera. Injini ya boti imadziziziritsa ndi madzi omwe ikuyendamo, ndipo chimene chimawakweza ndi kalabala kamapiko kotchedwa impela, kamene kali m'mwendo wa injini. Kakakhalitsa kamauma n'kung'aluka. Mukaliza injini pouma, ngakhale kwa theka la mphindi, mapiko ake amapsa. Choncho sinthani impela musanalize, ndipo lizani mwendo uli m'diramu, madzi atakwirira bwino timabowo tokokera madzi. Yang'anani kumbuyo: payenera kutuluka kamtsinje ka madzi kolimba, kosadukiza. Ngati sikakutuluka, zimitsani pompo. Lizirani panja nthawi zonse, osati m'galaja yotseka, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sumveka fungo. Giya ikhale pa nyutulo, kuti propela isazungulire m'diramumo.

Kumunsi kwa mwendo kuli masikulu awiri a oyilo wa giya. Masulani onse, oyilo atsikire m'mbale. Akatuluka woyera ngati mkaka, ndiye kuti madzi akulowa ndipo masilo atha. Onaninso kuseri kwa propela, pakuti ulusi wa ukonde ukakulungana pamenepo ndiwo umadula silo. Oyilo watsopano, wa SAE 90, mumuthirire pabowo lapansi mpaka atulukire pabowo lapamwamba, ndipo mutseke lapamwamba poyamba.

Pa kasakanizidwe ka petulo ndi oyilo, injini zambiri za mtunduwu zimafuna 50:1, kutanthauza mamililita 400 a oyilo pa malita 20 a petulo. Tsimikizani m'buku la injini yanu. Gulani oyilo wolembedwa TC-W3, osati wa galimoto. Ndimaona anthu akuthira mongoyerekeza ndi maso, ndipo zimandipweteka mtima: oyilo akachepa, pisitoni imapsa, ndalama za miyezi yambiri n'kupita tsiku limodzi. Dulani botolo muike chizindikiro pa 400.

Tsiku loyesa

Boti lonyamula anthu kapena katundu wamalonda liyenera kulembetsedwa ku Department of Maritime and Inland Waterways. Poyesa koyamba musakweze banja. Pitani awiri, aliyense atavala jekete yoyandamitsa, mutatenga nkhafi, chokapira madzi, pulagi yapadera ndi sipanala yake. Yendani pafupi ndi gombe kwa theka la ola, mmodzi akuyang'ana kamtsinje ka kumbuyo, wina akuyang'ana pansi pomwe munamata. Mu Kafue muli ng'ona, choncho injini ikazima musalowe m'madzi kukakankha boti: palasani mpaka kumtunda, mukaionere kumeneko.