Uphungu: kagonekedwe ka wodwala sitiroko ndi mkangano umene wabuka pa banja

Sitiroko, imene ambiri amangoitchula kuti matenda ofa ziwalo, imachitika pamene mtsempha wopititsa magazi ku ubongo watsekeka kapena waphulika, moti gawo la ubongo lodalira mtsemphawo limafa, ndipo popeza mbali iliyonse ya ubongo imalamulira mbali inayo ya thupi, vuto lochitika kumanzere kwa mutu limaonekera pa mkono ndi mwendo wa kumanja. Matendawa si achilendo m'Malawi muno, chifukwa kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la World Health Organization mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka zapakati pa 25 ndi 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lomwe ndi gwero lalikulu la sitiroko, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe kuti akudwala.

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, amene amuna awo, omwe ndi asodzi, anafa mkono ndi mwendo wa kumanja miyezi iwiri yapitayo. Mayiwa alemba kuti ali m'chipatala, anamwino ankatembenuza amuna awo usana ndi usiku, kuwagoneka ngakhale pa mbali yakufayo ndi kuwatchinjiriza ndi mapilo, koma atabwerera kunyumba mkono umene unali lende wayamba kuuma, chigongono chapindika ndipo zala zafumbata kotero kuti kusambitsa m'chikhatho kwasanduka nkhondo. Apongozi awo ndi alamu awo akuti anamwino ndiwo anaumitsa mkonowo pougonetsera pansi, ena akunong'onezana kuti mkaziyo ndiye akudziwapo kanthu, ndipo onse akufuna kuti wodwalayo azigona chagada osavutitsidwa mpaka apite naye kokatemera mphini. Funso lawo ndi loti akunena zoona ndani, ndiponso ngati iwo eni alakwitsa penapake.

Mayiwa sanalakwe, ndipo anamwinowo sanaumitse mkono wa munthu. Kuuma kumene akuona ndi kukungika kwa minofu, kutanthauza kukokeka kwake kopitirira muyezo kumene kumatsatira kuvulala kwa ubongo, ndipo kawirikawiri kumayamba patapita masabata angapo, nthawi imene odwala ambiri amakhala atatulutsidwa kale m'chipatala, n'chifukwa chake mlandu umagwera wosamalira wa kunyumba. Mwa munthu wabwinobwino, mitsempha ya mumsana imakhala yokonzeka nthawi zonse kukoka mnofu uliwonse umene watambasulidwa mwadzidzidzi, ndipo ubongo ndiwo umailetsa kuti isapyole malire. Ubongo ukavulala, kuletsa kuja kumatha, moti mitsempha ya mumsana imachita ngati njinga yoduka mabuleki potsika mapiri a ku Namwera. Minofu imene imapambana pa kukokana kumeneku ndi yomweyomweyo mwa odwala ambiri: phewa limakokekera mkati ndi kumbuyo, mkono umamatirira kuchifuwa, chigongono, dzanja ndi zala zimapindika, pamene mwendo umaongoka n'kuuma, phazi n'kuloza pansi litapotokera mkati.

Choopsa chenicheni chimabwera pambuyo pake. Mnofu umene wakhala wopindika kwa masabata ambiri umafupika, minyewa yozungulira mfundo za mafupa imauma, ndipo chiwalocho sichingathenso kuongoka ngakhale mphamvu zitabwerera, moti munthu amene akanatha kuyendanso amalepheretsedwa ndi phazi lokana kuponda pansi ndi chidendene. Anamwino amagoneka wodwala m'njira yotsutsana ndi kumene minofu ikukokera pofuna kupewa zimenezi. Kagonekedwe kameneka kanafala kudzera mu ntchito ya Berta Bobath, katswiri wa mafizo, ndi mwamuna wake Karel Bobath, dokotala, amene anayamba kusamalira odwala otere ku London m'zaka za m'ma 1940.

Kugonera mbali yakufa, kumene kwakwiyitsa apongozi, ndi kumene akatswiri ambiri amakuyamikira, chifukwa kulemera kwa thupi kumatumiza uthenga ku ubongo kuchokera ku mbali imene wodwala amakonda kuiiwala, ndiponso dzanja labwino limatsala pamwamba, lomasuka kukoka chofunda kapena kuingitsa ntchentche. Chofunika kusamala ndi phewa. Wotembenuza alowetse chikhatho chake kuseri kwa fupa lophwatalala la kumsana kwa phewa n'kulikokera kutsogolo modekha, kuti wodwala agonere fupalo osati nsonga ya phewa, kenaka mkono utambasulidwe kutsogolo, chigongono chitaongoka, chikhatho chitayang'ana kumwamba. Mwendo wakufa ukhale woongoka m'chiuno, bondo litapindika pang'ono, pamene mwendo wabwino upite kutsogolo n'kukhala pa pilo, ndipo pilo wina atsamire kumsana kuti thupi lisagubuduke. Pogonera mbali yabwino, mkono wakufa uikidwe kutsogolo pa mapilo okwera mofanana ndi phewa, zala zitatambasuka, ndipo mwendo wakufa upindike m'chiuno ndi m'bondo pa pilo wochirikiza mpaka phazi, kuti phazilo lisalendewere.

Kugona chagada, kumene achibale akukuona ngati chifundo, ndi kumene kuyenera kukhala kwa nthawi yochepa kuposa kwina konse, chifukwa kumalimbikitsa kuuma kwa mwendo, kumaika wodwala pa chiopsezo chotsamwa ndi malovu, ndipo kumabala zilonda pamwamba pa matako ndi pa zidendene. Ngati n'kofunika kutero, pilo alowe pansi pa phewa ndi mkono wonse, nsalu yokulunga iikidwe m'mbali mwa ntchafu kuti mwendo usagwere kunja, ndipo chofunda chisapanikize zala za kuphazi. Kusowa kwa mapilo si chifukwa cholekera, popeza zitenje zakale zokulunga bwino, bulangete lopinda kapena thumba lodzaza ndi nsanza zoyera zimagwira ntchito yomweyo, koma mphasa yoyala pa dothi kapena pa simenti ndi youma kwambiri kwa munthu wosatha kudzitembenuza, moti matiresi ndi chinthu choyamba chimene abale ayenera kusonkherana.

Masana wodwala asangokhala chigonere. Akhazikidwe pa mpando wokhala ndi chotsamira, msana utaongoka, mapazi onse ataponda pansi, mkono wakufa uli pa tebulo kutsogolo kwake, ndipo azidya ali chikhalire chomwecho kuti chakudya chisalowe m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. M'mabanja ambiri a ku Mangochi, a Chisilamu ndi a Chikhristu omwe, kudyera dzanja lamanzere kumaoneka ngati kupanda mwambo, koma munthu amene wafa dzanja lamanja apindula kwambiri akamadzitemera yekha mbamu ndi dzanja lotsalalo kusiyana ndi kumadyetsedwa ngati mwana. Alendo odzazonda matenda azikhala cha ku mbali yakufa, kuti wodwala azitembenuzira mutu ndi maso kumeneko.

Pali zinthu zochitika mwachikondi zimene zimaononga. Kudzutsa wodwala pomukoka mkono wakufa kapena pomunyamulira m'khwapa kungagulule phewa, chifukwa minofu yogwira fupa la mkono m'malo mwake inafooka, ndipo ululu wa phewa lotere umatha miyezi. Kumufumbatitsa kampira kuti azifinya, monga amalangizira ambiri pamudzi, kumalimbikitsa minofu yomwe ikupambana kale. Kuongola zala mwamphamvu ndi mofulumira kumachititsa mnofu kukana kwambiri, popeza kukungika kumakula malinga ndi liwiro la kukokako, choncho chiwalo chiongoledwe pang'onopang'ono, kuyambira paphewa kutsikira ku zala, osafika popweteka. Kuthowa ndi madzi otentha kungawotche khungu limene silikumva bwino, ndipo mphini zotemedwa pa mkono wosayenda ndi wotupa ndi zilonda zochedwa kupola, zimene ululu wake umaonjezera kuuma komwe akufuna kuchotsako.

Mkono ukauma kwambiri tsiku lina kuposa masiku onse, mayiwa afufuze chimene chikusautsa thupi, monga kudzimbidwa, chikhodzodzo chodzaza, matenda a m'njira ya mkodzo, malungo, chilonda chobisika kapena chikhadabo cholasa m'chikhatho. Kutentha kwa ku Mangochi m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumachititsa thukuta kusonkhana m'chikhatho chofumbata, m'khwapa ndi m'chigongono, malo amene khungu limayamba kunyeka ngati satsukidwa ndi kupukutidwa tsiku ndi tsiku. Kunena zoona, kagonekedwe pakokha sikachiza kukungika kwa minofu, ndipo palibe amene angalonjeze kuti dzanjali lidzakokanso ukonde. Phindu lake ndi kusunga ziwalo zofewa, kuchepetsa ululu ndi kupewa zilonda pamene ubongo ukuphunziranso ntchito, zomwe zimachitika mofulumira kwambiri m'miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyambirira, ndipo banjali likadali mkati mwa nthawi imeneyo.

Wodwala wosatha kudzisuntha amafunika kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse, kutanthauza maulendo 12 pa usana ndi usiku umodzi, ntchito imene m'chipatala amagawana anamwino ndi odikirira odwala, ndipo mkazi mmodzi amene akuyeneranso kutunga madzi, kuphika ndi kusaka ndalama m'malo mwa msodzi amene wagona sangaikwanitse yekha popanda kudwala msana. Apa ndi pamene alamu ali ndi mlandu, pakuti anthu okhala ndi nthawi yofufuza wolodza ali nayonso nthawi yotembenuza mbale wawo. Mayiwa asalimbane ndi apongozi pa khonde, koma aitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti nkhani ya kunong'onezana ithe mwa mwambo, ndipo pa bwalo lomwelo agawane masiku ndi mausiku a chisamaliro. Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala atengane ndi apongoziwo kapena mlamu amene amamveredwa kwambiri, kuti amve okha kwa namwino ndi kuyesa kutembenuzako ndi manja awo.

Thandizo la mafizo alifunse pa chipatala chachikulu cha boma cha Mangochi, ndipo zipatala za Monkey Bay ndi St Martin's ku Malindi, komanso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo, angawalozere kumene angalipeze pafupi. Ngati kuuma kukupitirira, dokotala angapereke mankhwala ofewetsa minofu monga baclofen, amene sayenera kugulidwa popanda chilolezo chake chifukwa amagoneka tulo ndi kufooketsa miyendo, kapena angatumize wodwala ku Zomba Central Hospital, ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kachere Rehabilitation Centre mumzinda womwewo. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi asadumphitsidwe ngakhale tsiku limodzi, mchere uchepe mu ndiwo, fodya alekeretu, ndipo ngati kukamwa kwapotokanso, mawu asokonekera kapena chiwalo china chafooka mwadzidzidzi, wodwalayo athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti kuche.