Shuga akapezeka m'nyumba yodya kondowole

Munthu akatuluka pachipatala cha boma ku Nkhotakota kapena ku St Anne's atauzidwa kuti ali ndi matenda a shuga, alangizi amamuchingamira asanafike n'komwe pakhomo. Uyu akuti asiyiretu kondowole, uyo akuti mpunga tsopano ndi poizoni, wachitatu wabwera kale ndi botolo la madzi a nimu. Sabata ziwiri zoyamba munthu uja amadya masamba owiritsa okhaokha, nkhope ili ndwii. Mwezi usanathe amatopa nazo, n'kubwerera ku mitanda inayi yakale ija. Malangizo ano ndi a iyeyo pamodzi ndi amene amamuphikira.

Choyamba tidziwe mdani. Nsima, mpunga, chinangwa, mbatata ndi buledi zikafika m'mimba zimasanduka shuga, ngakhale zambiri mwa izo pakamwa sizitsekemera. Kapamba amatulutsa insulini yolowetsa shugayo m'minofu kuti tipeze mphamvu. Pa matenda a shuga a mtundu wachiwiri, omwe amagwira kwambiri akuluakulu, thupi silimveranso bwino insulini, ndipo shuga amangodzadza m'magazi, n'kumawononga pang'onopang'ono maso, impso, mtima ndi mitsempha ya m'mapazi. Mukayezedwa m'mawa musanadye, nambala ya 7.0 kapena kupitirira, yomwe pa makina ena imaoneka ngati 126, ndiyo imasonyeza matendawa. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse m'Malawi, 5 kapena 6 anali nawo. Si matenda a mabwana a m'tauni okha ayi, ndipo palibe amene anakulodzani.

Tsono za kondowole. Ufa wa chinangwa ndi sitalichi pafupifupi yekhayekha, ulibe gaga ndipo zomanga thupi ndi zochepa kwambiri, n'chifukwa chake umakweza shuga msanga. Mpunga woyera wa Kilombero kapena Faya, ngakhale fungo lake likodola kuchokera kutali, uli m'gulu lomwelo. Komabe kuuza munthu wa ku Linga, ku Sani kapena ku Chia kuti asadzalawenso kondowole n'kungotaya malovu. Chimene chingatheke, ndipo chimagwira ntchito, ndi kutembenuza mbale. Tinazolowera phiri la nsima ndi kandiwo kongopakiza. Tsopano ndiwo ndizo zikhale phiri. Theka la mbale likhale masamba: chigwada chophika mpaka kupsa bwino, nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, therere, kholowa. Theka lotsalalo ligawidwe pawiri, mbali ina nsomba, nyemba kapena mazira, mbali ina nsima. Mtanda wake ukhale umodzi, waukulu ngati chibakera cha wodwalayo. Wogwira ntchito ya thukuta, monga kukoka khoka kapena kulima m'dambo, akambirane ndi adokotala za muyezo wake, chifukwa sangafanane ndi wokhala m'golosale tsiku lonse.

Ngati chimanga chilipo, mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, ndipo kusakaniza mgaiwa mu ufa wa chinangwa kumathandiza. Koma pano pali msampha womwe umakola ambiri: amva kuti mgaiwa ngwabwino, ndiye amadya mitanda itatu mtima uli m'malo. Mgaiwa nawo ndi chimanga. Muyezo ndi womwe uja.

Mwayi wa anthu a m'mphepete mwa nyanja ndi ndiwo. Usipa, utaka, mlamba, kampango ndi chambo sizikweza shuga, ndipo zimakhalitsa m'mimba moti njala siibwera msanga. Anzathu a kumtunda amazigula modula, ife timangotsikira kugombe. Chofunika ndi kaphikidwe. Nsomba yowiritsa ndi tomato ndi anyezi, kapena yowotcha pamakala, ikuposa yosambira m'mafuta. Nsinjiro m'masamba n'zabwino, bola zisachuluke. Mchere uchepe ndithu, tsiku lonse usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi, chifukwa shuga amakonda kuyenda ndi BP. Kumbukiraninso kuti nsomba zouma zina zimabwera ndi mchere wake kale.

Pa zakumwa ndiye palibe kukambirana. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8. Fanta, Sobo, maheu a m'sitolo ndi thobwa lothira shuga n'chimodzimodzi. Uchi ndi shuga wabulauni ndi shuga basi, asakunamizeni kuti n'zachilengedwe. Kwa a ku Dwangwa, komwe minda ya nzimbe imafika pomwe maso alekezera, kutafuna nzimbe podikira minibasi ndi chizolowezi choti chithe. Tiyi wopanda shuga amawawa masiku oyamba okha. Ena zimawayendera akamachotsa supuni imodzi sabata iliyonse mpaka zitatheratu. Mandasi ndi zitumbuwa zam'mawa zilowedwe m'malo ndi dzira lowiritsa, mtedza wodzadza dzanja, kapena kachidutswa ka mbatata.

Nyengo ya mango imayesa munthu. Zipatso sizoletsedwa, koma bango limodzi laling'ono ndi lokwanira pa nthawi imodzi, osati kukhala pansi pa mtengo ndi beseni. Nthochi nayo imodzi.

Amayi kapena ana ophika, musamuphikire wodwala kamphika kakekake ngati mlendo. Chakudya ichi n'choyenera banja lonse, makamaka popeza matendawa amayenda m'magazi a pamtundu, ndipo ana a wodwala ali pachiopsezo akadzakula. Vuto ndi kudyera m'mbale imodzi, chifukwa palibe amene amawerenga mbamu. Mugawireni mbale yake. Ku ukwati, ku maliro kapena ku sadaka, komwe kukana chakudya kumaoneka ngati mwano, mawu oti "Zikomo kwambiri, koma adokotala anandipatsa muyezo" amamveka ndipo sakhumudwitsa aliyense.

Kuyenda nako ndi mankhwala. Bungwe la WHO limalimbikitsa mphindi 150 pa sabata, kutanthauza mphindi 30 masiku asanu, mukuyenda ndawala yoti mtima ugundeko. Msodzi ndi mlimi amakwanitsa kale. Amene ayenera kudzikakamiza ndi ogulitsa pamsika, aphunzitsi, a m'maofesi, ndi tonse amene tinazolowera kukwera kabaza ngakhale ulendo wa pafupi. Yendani m'mawa kapena dzuwa likapendeka, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala kunyanja kuno si kosewera nako. Ngati thupi ndi lalikulu, kutsika makilogalamu 4 kapena 5 kokha kumasintha kale manambala. Fodya asiyidwe, ndipo mowa, makamaka kachasu wa pamimba yopanda kanthu, ungagwetse shuga mwadzidzidzi.

Mapiritsi amene ambiri amayambira ndi metformin. Amwereni pamodzi ndi chakudya. Masiku oyamba angakutseguleni m'mimba kapena kukuchititsani nseru, koma kawirikawiri zimaleka. Zikapitirira, bwererani kuchipatala m'malo mongosiya. Mukayamba kupeza bwino musaganize kuti mwachira, ndipo musasinthanitse mapiritsi ndi nimu kapena zitsamba za m'mabotolo. Kuwawa kwa mankhwala si umboni woti akutsitsa shuga.

Amene apatsidwa glibenclamide kapena jakisoni wa insulini amvetsere apa. Mankhwala amenewa angatsitse shuga mopitirira muyezo ngati mwadumphitsa chakudya kapena mwagwira ntchito yolemetsa. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yoopsa, mtima kuthamanga, ndi kulankhula zosokonekera ngati woledzera. Zikatero imwani msanga madzi osungunuliramo masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga, kapena theka la Fanta, kenako idyani chakudya. Apa pokha ndi pamene zotsekemera zimapulumutsa moyo. Taganizirani msodzi amene wapita ku usipa usiku, ali pakati pa nyanja, wapalasa maola angapo osadya kanthu. Ameneyo asakwere bwato opanda kamba ndi kajumbo ka shuga m'thumba, ndipo anzake a m'bwatomo adziwe za matenda ake. Munthu akakomoka musamuthire chilichonse m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala.

Kuno Asilamu ndi ambiri, ndipo funso la Ramadan limabwera chaka chilichonse. Pitani kuchipatala mwezi wa Ramadan usanayambe kuti akuuzeni ngati mungathe kusala, ndiponso kuti akusinthireni nthawi yomwera mankhwala. Chipembedzo chimalola wodwala kusasala, a shehe akhoza kukufotokozerani. Osalawo asadumphe daku, asadzadze mbale ya futali madzulo, ndipo zizindikiro zija zikabwera masana amasule pomwepo.

Pomaliza mapazi. Shuga amapha mitsempha mwakachetechete, moti munthu angaponde mbedza, munga wa nsomba kapena mchenga wotentha wa masana osamva kanthu. Lekani kuyenda opanda nsapato, kugombe ngakhale pabwalo panu. Madzulo aliwonse sambitsani mapazi, pukutani pakati pa zala, n'kuyang'ana kuphazi konse; ngati maso sakuona bwino, mdzukulu akuyang'anireni. Chilonda chilichonse, chingachepe bwanji, chikaonetsedwe kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Mukapita pa tsiku lanu la sikelo, nyamulani buku lanu la kuchipatala, vulani nsapato musanauzidwe, ndipo pemphani kuti akuyezeni BP nthawi iliyonse, maso ndi impso kamodzi pa chaka.