ZA MNDANDANDA WOTCHEDWA ARRAY

Munthu wofuna kusunga m'kompyuta muyeso wa mvula ya miyezi 12 angathe kupatsa mwezi uliwonse dzina lakelake. Koma akafuna mvula ya masiku 365, maina adzamthera. Chifukwa chake akatswiri anapeza njira ina imene aitcha array, ndiwo mndandanda wa zinthu za mtundu umodzi zokhala ndi dzina limodzi, ndipo chilichonse chidziwika ndi nambala ya malo ake. Nambalayo aitcha index.

Njirayi si yatsopano. Chinenero cha FORTRAN, chimene John Backus ndi anzake a ku IBM anatulutsa m'chaka cha 1957, chinali nayo kale, ndipo kuwerenga kwake kunayambira pa 1. Koma chinenero cha C, chimene Dennis Ritchie anakonza ku Bell Labs cha m'ma 1972, chiyambira pa 0. M'menemo mvula[0] ndiyo ya Januwale, ndipo ya Disembala ndiyo mvula[11].

Apa ndi pamene ophunzira ambiri apunthwa, nayesa kuti 0 ameneyu anaikidwa kungovutitsa anthu. Iai, nzeru yake ilipo. Zinthu za mu array zigona mondondozana m'memory ya kompyuta, monga njerwa zolingana za mzera umodzi, popanda mpata pakati. Tsono index inena kutalika kwa ulendo kuchokera poyambira. Mndandanda ukayambira pa malo a 1000, ndipo chinthu chilichonse chikadya malo 4, mvula ya Januwale ili pa 1000 pomwepo, pakuti palibe ulendo. Ya Juni, ndiyo mvula[5], ipezeka pochulukitsa 5 ndi 4 ndi kuonjeza 1000: ili pa 1020. Masamu ndi omwewo, kaya zinthu zili 12 kaya miyandamiyanda. Kompyuta ingolumpha nifika, osayenda khomo ndi khomo. Ubwino waukulu wa array ndi umenewo.

Choipa chake chioneka pofuna kulowetsa chinthu chatsopano pakati: zonse za kutsogolo ziyenera kusendera, chimodzichimodzi.

Koma ngozi yeniyeni ili kumapeto. Wolemba pulogalamu akaiwala za 0 uja, nalemba mvula[12] poganiza za Disembala, watuluka kunja kwa mndandanda. Chinenero cha C sichimletsa. Kompyuta idzawerenga zimene zili pa malo a 1048, ngakhale zili za mwini wina, nidzazipereka ngati muyeso wa mvula. Ndipo ikauzidwa kulembapo, idzafafaniza zimene zinalipo, osachenjeza munthu. Kulima kupitirira malire a munda kuli bwino, popeza mnansi afuula.

Pa 2 Novembala 1988, Robert Tappan Morris, wophunzira wa ku Cornell University ku America, anatulutsa pulogalamu yodzifalitsa yokha pa intaneti. Imodzi mwa njira zake zolowera inali yomweyi: inatumiza zilembo zambiri koposa zimene array ina ikanatha kulandira, ndipo zosefukirazo zinagwera pa malo oyandikana nizisanduka malamulo olamulira makinawo. Makompyuta zikwi zingapo anafooka masiku amenewo.

Zinenero zina za pambuyo pake, monga Java ya 1995 ndi Python, ziyamba zayesa index iliyonse zisanaitsate, ndipo ikapitirira malire ziimitsa ntchito ndi kunena cholakwacho. Kuyesako kudya kanthawi pang'ono pa kuwerenga kulikonse, ndipo C, amene anapangidwira liwiro, asiyabe udindowo m'manja mwa wolemba.