Akristu a pa Chisumbu cha Guam M'masiku a Nkhondo

Phunziro la akatekisiti ndi Akristu onse

Pakati pa nyanja yaikulu ya Pacific, kum'mawa kwa dziko la Philippines, pali chisumbu chaching'ono dzina lake Guam. Kutalika kwake ndi mamailosi 30 okha, kotero kuti munthu wamphamvu angathe kuchiyenda chonse masiku awiri. Eni ake ndi a mtundu wa Achamorro, ndipo ochuluka a iwo ndi Akatolika. Pa nkhondo yaikulu yachiwiri adani anakhala pa chisumbucho miyezi 31, nasiyira anthu oposa 20,000 ansembe awiri okha. Umo Akristuwo anasungira chikhulupiriro chawo m'masiku amenewo ndi phunziro loyenera kulilingalira bwino m'tchalitchi iliyonse imene wansembe amafikako kamodzikamodzi.

Chiyambi cha Eklezia pa Guam

Mthenga Wabwino unakhazikika pa Guam m'chaka cha 1668, pamene Bambo Diego Luis de San Vitores, wansembe wa chipani cha Ajezuiti wochokera ku Spain, anafika ndi anzawo namanga tchalitchi m'mudzi waukulu wa Hagåtña. Mwa owathandiza munali mnyamata wa ku Philippines, katekisiti Pedro Calungsod. Awiriwa anaphedwa pamodzi ku Tumon pa 2 Epulo 1672. Papa Benedikito XVI analengeza Pedro kuti ndi woyera mu 2012, ndipo akatekisiti ali naye mnzawo wa ntchito wowapempherera kumwamba.

Zaka zoyambazo zinali zowawa, pakuti nkhondo za Asipanishi ndi matenda achilendo zinatha Achamorro ambirimbiri. Koma otsalawo anachilandira chikhulupiriro nachiyesa chawochawo. M'midzi munabuka atsogoleri a mapemphero otchedwa techa m'chilankhulo chawo, ambiri a iwo amayi achikulire, amene ankatsogolera korona, manovena ndi mapemphero a maliro. Mu 1898 chisumbucho chinachoka m'manja mwa Spain nkulowa m'manja mwa America.

Kufika kwa adani

Pa 8 Disembala 1941, tsiku la chaka cha Maria Virigo wopanda tchimo lobadwa nalo, anthu anali pa Misa m'katedralo ya Hagåtña pamene mbiri inafika yakuti ndege za Ajapani zili kuponya mabomba ku mudzi wa Sumay. Ambuye Episkopi Miguel Olano anauza anthu kuti amwazikane, ndipo mabanja anathawira kuminda ndi kunkhalango. Pa 10 Disembala asilikali a Japan anakocheza, ndipo asilikali ochepa a America ndi a Chichamorro amene analipo anagonja tsiku lomwelo.

Adani anasintha dzina la chisumbu nachitcha Omiya Jima. Ana anaumirizidwa kuphunzira Chijapani, akulu kuweramira asilikali panjira, ndipo wolakwa pang'ono ankamenyedwa pamaso pa anthu. Chakudya chinalandidwa. Pambuyo pake amuna, akazi ndi ana omwe anagwidwa thangata yolima mpunga ndi yokonza mabwalo a ndege ndi manja. Mu Januwale 1942 Ambuye Olano ndi ansembe onse a Chikapuchini anatengedwa pa sitima kupita ku Japan. Anatsala ansembe awiri a Chichamorro: Bambo Jesus Baza Dueñas, odzozedwa mu 1938, ndi Bambo Oscar Calvo, odzozedwa mu 1941. Episkopi pochoka anasiya ulamuliro wa Eklezia m'manja mwa Bambo Dueñas, amene anali ndi zaka 30 zokha.

Eklezia ya m'mabanja

Ansembe awiri sakanatha kufika kwa anthu omwazikana m'minda yonse, makamaka popeza adani ankalonda mayendedwe awo. Apa ndi pamene mwambo wakale wa atsogoleri a mapemphero unaonetsa phindu lake. Mabanja ankasonkhana madzulo m'zisakasa zawo kunena korona, ana ankamva mapemphero pakamwa pa agogo awo, ndipo akufa sankaikidwa popanda pemphero. Chithunzi chosema cha Amayi Maria chimene amachitcha Santa Marian Kamalen, chuma chachikulu cha Akristu a Guam, chinachotsedwa m'katedralo, ndipo banja lina linachisamala kufikira nkhondo inatha.

Akatekisiti azindikire apa chinthu chimodzi. Atsogoleri aja sanaphunzire ntchito yawo tsiku limene mabomba anagwa. Mapemphero anali kale m'mutu mwawo, ndipo anthu anali atazolowera kale kuwamvera. Chimene sichinaphunzitsidwe pa nthawi ya mtendere sichipezeka pa nthawi ya tsoka. Chifukwa chake Mkristu aliyense ayenera kudziwa kubatiza munthu amene ali pafupi kufa, kuthira madzi pamutu ndi kunena mawu a ubatizo m'dzina la Utatu Woyera. Ayeneranso kudziwa pemphero la kulapa kwenikweni, kuti athandize wodwala pamene wansembe ali kutali.

Chinsinsi cha Bambo Dueñas

Pamene chisumbu chinagwa, amalinyero asanu ndi mmodzi a America anathawira m'nkhalango. Asanu anagwidwa naphedwa mu 1942. Mmodzi, George Tweed, anabisidwa ndi mabanja a Chichamorro nthawi yonse ya ukapolowo, ndipo anthu ambiri anamenyedwa ndi kuzunzidwa chifukwa cha iye. Ajapani ankakhulupirira kuti Bambo Dueñas, amene ankakhala ku Inarajan, adziwa kumene munthuyo ali ndi amene akum'dyetsa. Ankawada kale, pakuti wansembeyo sankalola kuti guwa la Mulungu likhale malo olalikirapo mawu a boma la adani.

Pa 8 Julayi 1944 anawagwira pamodzi ndi mbale wawo Eduardo Dueñas, nawazunza koopsa masiku angapo, koma sanatchule dzina la munthu ngakhale mmodzi. M'mawa wa pa 12 Julayi anawadula mutu pamalo otchedwa Tai, pamodzi ndi Eduardo ndi amuna ena awiri. Anali ndi zaka 33. Tweed anali atatengedwa kale ndi sitima ya nkhondo ya America pa 10 Julayi, ndipo asilikali omasula chisumbu anafika patangopita masiku 9 Bambo Dueñas ataphedwa.

Wina angafunse kuti, kodi imfa imeneyi siinapite pachabe, popeza wobisalayo anali atachoka? Funsoli nlolemera, ndipo pa Guam pomwepo anthu ena anadandaula kuti magazi ochuluka anakhetsedwa chifukwa cha mlendo mmodzi. Koma Bambo Dueñas sankasunga Tweed yekha. Akanatsegula pakamwa, banja lililonse limene linapatsa wothawayo chakudya kapena pogona likanaphedwa. Lamulo lachisanu ndi chitatu liletsa bodza, koma Eklezia iphunzitsanso kuti munthu sakakamizidwa kuulula zoona kwa amene alibe ufulu wozidziwa, makamaka ngati afuna kuzigwiritsa ntchito popha mnzake. Kukhala chete kotere ndi ntchito ya chikondi. Katekisiti amene anthu amam'khulupirira namuuza za m'nyumba zawo aphunzirepo kusunga lilime lake, ngakhale wofunsayo akhale munthu wamkulu.

Masiku otsiriza

Mwezi wa Julayi 1944 unali woipa koposa. Adani anakusa anthu zikwizikwi nawayendetsa pansi m'mvula kupita ku misasa, waukulu wake uli m'chigwa cha Manenggon, kumene kunalibe chakudya chokwanira ngakhale nyumba. Ku mudzi wa Merizo anthu 46 anaphedwa m'mapanga a Tinta ndi Faha pa 15 ndi 16 Julayi. Pa 21 Julayi asilikali a America anakocheza ku Asan ndi ku Agat, ndipo pofika pa 10 Ogasiti nkhondo yaikulu inatha pa chisumbupo. Chaka chomwecho asilikali a K.A.R. ochokera ku Nyasaland anali kumenyana ndi Ajapani omwewo m'nkhalango za Burma.

Achamorro oposa 1,000 anafa m'zaka za ukapolozo. Ngakhale ufulu unabwera ndi zowawa zake. Mizinga ya America inagumula mudzi wa Hagåtña pamodzi ndi katedralo, ndipo anthu a ku Sumay sanaloledwenso kubwerera kwawo, chifukwa malo awo anasanduka doko la sitima za nkhondo. Anakamanga mudzi watsopano wa Santa Rita.

Zimene zatsala

Woyenda pa Guam lero amaona mizinga ya Ajapani ya dzimbiri, mapanga okumbidwa ndi manja a anthu a thangata, ndi khoma la ku Asan lolembedwa maina a akufa ndi a ozunzidwa. Boma la America linapatula malo ena otere mu 1978 kuti asungidwe. Tsiku la 21 Julayi limakumbukiridwa chaka ndi chaka, ndipo m'masiku oyandikana nalo Misa zimaperekedwa pamalo amene anthu anaphedwera. Mafupa a Bambo Dueñas anaikidwa mu 1945 m'tchalitchi ya Yosefe Woyera ku Inarajan, ndipo sukulu ya anyamata imene inatsegulidwa ku Tai mu 1948 imatchedwa dzina lawo. Katedralo yatsopano inatha kumangidwa mu 1959, ndipo pa 8 Disembala paliponse Akristu amayenda mu ndawala ndi chithunzi chija cha Amayi Maria.

Koma chikumbutso chopambana zonse ndi chimene Bambo Calvo anachita. Iwo amene anaona nkhanza zonsezo ndi maso awo, nataya mnzawo wa unsembe, anagwirizana ndi Ajapani amene anabwera kudzafuna mafupa a abale awo, nawathandiza kumanga chikumbutso cha mtendere ku Yigo, pamalo pamene panali likulu lotsiriza la asilikali a Japan. Chinatha mu 1970. Iwo sanauze anthu kuti aiwale, pakuti kukhululuka sikufafaniza zimene zinachitika. Anawaonetsa kuti mdani wakufa nayenso ali ndi mayi wom'lira, ndi kuti Mkristu amene anena pemphero la Atate Athu tsiku ndi tsiku sangathe kusiyira ana ake chidani ngati cholowa.

Mafunso a pa msonkhano

1. Wansembe atapanda kufika chaka chathunthu, ndani angatsogolere mapemphero m'tchalitchi ya kumudzi, ndipo anaphunzitsidwa kodi?

2. Kodi Akristu onse adziwa kubatiza munthu amene ali pafupi kufa?

3. Pali kusiyana kotani pakati pa kunena bodza ndi kusunga chinsinsi?

4. Nchifukwa ninji Bambo Calvo anathandiza anthu a mtundu umene unazunza abale awo?

Pomaliza msonkhano, onse anene gawo limodzi la korona kupempherera akufa a pa nkhondo a mbali zonse, ndi Akristu amene lero alibe wansembe.